Mzere wa bambo pakhoma

Mwaswera bwanji nonse.

Lero timakonza nyumba ya malemu bambo ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja, kuti igulike bwino. Sola taika, mitengo tabzala, kenako ine ndi achimwene a Fanuel tinayamba kupala khoma kuti timate dothi latsopano.

Kuchipinda tapeza mzere wojambula ndi msomali, wondifika m'chifuwa. Pamwamba pake bambo analemba kuti, "Madzi analekeza apa." Ndakumbukira nthawi ya chipani chimodzi ija, nyanja itasefukira, bambo akutitulutsa m'nyumbamo pabwato.

Chaka chino nyanja yafika kale m'munda wa mpunga, ndipo ogulawo, amene akubwera Loweruka, ali ndi ana atatu ang'onoang'ono.

Achimwene akuti tingomata, palibe adzadziwe. Inu mukuti bwanji? Ine dothi ndakanda, koma mzerewo ndalephera kuukwirira.