Mzere wa Apongozi Anga

Chaka china kwathu ku Kabudula kunabwera mtsikana wa kuyunivesite, akuti akuyeza ubale. Ine ndinayembekeza sikelo ngati ya ogula mtedza, koma anatulutsa pepala. Munthu aliyense anali kadontho. Oyankhulana kawirikawiri ankawalumikiza ndi mzere wonenepa, ongopatsana moni kamzere koonda.

"Bambo, sabata ino mwayankhula kwambiri ndi ndani?"

"Wokonza njinga. Timanyozana tsiku lililonse."

Anajambula mzere wonenepa ngati munsi.

"Nanga apongozi anu aakazi?"

"Sitinayankhulanepo."

"Sabata ino?"

"Chikwatirireni."

Pamudzi paja ndinabwera ngati mkamwini, ndipo mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'chimanga, ine m'fodya wa eni ake. Mawu ankadzera kwa akazi anga, ndipo ankafika atathiridwa tsabola. Koma nyengo yosoka fodya, m'mawa uliwonse pachitsa cha kuseri kwa chigafa ndinkapeza chikho cha thobwa chochokera kwa apongoziwo. Chaka chimene fodya wanga anawola, alamu anga atapangana zondipitikitsa, mayi aja anakhala pakhomo panga tsiku lonse akuswa mtedza atandifulatira. Alamuwo anabwerera panjira.

Ndinamufotokozera mtsikanayo zonsezi. "Jambulani mzere, mwanangu."

"Makina athu sawerenga thobwa, bambo. Muyankhulane ngakhale kamodzi, ndikadzabwera Lachisanu ndidzajambula."

Lachinayi ndinasamba masanasana, ndinavala jekete la kutchalitchi, n'kukaima kuseri kwa nkhokwe ya apongozi. Mawu ndinali nawo awiri okha: zikomo amayi. Ndinatsokomola. Iwo anatsokomolanso. Ine amene ndimayankha ngakhale mlaliki ali paguwa, ndinangotsokomolanso. Tinatsokomolerana katatu, ndinabwerera.

Lachisanu mtsikana uja anatisiya timadontho tiwiri, pakati poyera. Mvula isanagwe, apongozi anatisiya.

Chitsa chija chikadalipo, chiswe chadya mbali imodzi. M'mawa ndikamadutsa ndimavula chipewa n'kunena mawu aja mokweza, kenaka ndimawauza za mbuzi, za bondo langali, za ana awo amene sanasinthe. Akazi anga amati ukalamba wandilowa m'mutu. Mwina. Koma mtsikana uja atabweranso ndi pepala lake, wokonza njinga angachite nsanje. Chikho chokha ndicho sindichipezapo.