Bedi la Masiku Atatu

Bambo a pageti lofiira sakhazikika. Atawotcherera zitsulo za mafakitale kunja kwa dziko zaka makumi awiri, pano ali pakhomo, chikwama cholongedzeratu kuseri kwa chitseko, foni m'thumba la ovolosi. Akamadutsa mumsewu amasisita mageti a eni, n'kumapukusa mutu.

Mayi oyandikana nawo atabweretsa bedi lothyoka mwendo, bambowa anawotcherera, kuyang'anitsitsa, kudula, kuyambiranso. Ankadziwa okha kuti dzanja layamba kunjenjemera.

“Achimwene, masiku atatu ndikugona pansi!” anadandaula mayiwo. “Lalimbatu ili.”

“Mzere wokhota chonchi? Kunja angandikweze ndege tsiku lomwelo.”

Akazi awo, akuyanika zovala, sanacheuke n'komwe. “Tengani bedi lanu, asisi. Akunjawo adasiya kuyimba foni chaka chatha.”

Bambowo anatsitsira chigoba kumaso, n'kuyatsanso makina.