Intaneti Yodana ndi Dzuwa

Mukafika ku Luwinga n'kufunsa kwa Anyina Wezi, wa kabaza aliyense akusiyani pageti penipeni. Dzina lawo ndi a Dinah Msowoya. Anali sekilitale mpaka kupuma pantchito, kenaka iwo ndi amuna awo a Solomon anamanga mdadada wa zipinda kuseri kwa nyumba, nthawi imene ana a ku yunivesite ankachuluka kuposa malo ogona. Lendi inkabwera bwino, koma mtima sunali m'malo. Kuona atsikana ochepa msinkhu kwa mwana wawo Wezi akuvala mikanjo ya digiri chaka ndi chaka kunkawapweteka, ndipo sankabisa. Ndiye analembetsa digiri ya pa intaneti, imvi zili mbuu.

Kowerengera anasankha kachipinda ka kumapeto kwa mdadada, kutali ndi wailesi ya a Solomon. Wayifayi sinkabowola makoma mpaka kumeneko, choncho a Fyson, katswiri wa makompyuta wa m'tauni, anakoka chingwe kuchokera pa rauta ya m'nyumba yaikulu, n'kuchidutsitsa m'mwamba pabwalo mpaka pa laputopu.

Chingwecho chinali ndi khalidwe la mlamu wachinyengo: lero chikusekerera, mawa sichikudziwa. Mphunzitsi ali pakati pofotokoza, nkhope yake inkangouma gwa, pakamwa pali yasa. Tsono mayeso omaliza anali oyankha mafunso pa vidiyo, ndipo a kusukulu ananeneratu kuti woduka mzere adzadikira chaka chamawa. Kwa munthu wa msinkhu wawo, chaka si chinthu choseweretsa.

A Fyson ankabwera madzulo akaweruka, n'kupeza zonse zili bwinobwino. Anasintha rauta, vuto osasintha.

"Amama, ndi mvula ya Mzuzu iyi," anatero akupukusa mutu. "Imasokoneza netiweki chomene."

Ku Mzuzu mvula ndiye imasenza milandu yonse, ngakhale ya mwamuna wobwera mochedwa. Koma Anyina Wezi anayamba kukayikira. Masiku amene mvula inkawaza osaleka, intaneti inkayenda ngati madzi. Inkadwala dzuwa likawala.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina kutacha kowala anatulutsa mpando pakhonde, anasiya chitseko chotsegula kuti aziona kagetsi kobiriwira ka pa rauta, n'kukhala phee. Posakhalitsa anatulukira Marjorie, mmodzi wa ophunzira aja, atasenza beseni.

"Mwawuka uli, amama?"

"Tawuka makora, mwana wane."

Mtsikanayo anakung'untha bulangeti lonyowa n'kuliponya pachingwe cha intaneti chija. Chingwe chinawerama, kagetsi n'kuzima. Anyina Wezi anadzambatuka, ananyamula bulangetilo, kagetsi n'kuyakanso. Atayang'ana kuseri kwa rauta anapeza kuti kodzigwirizira ka mutu wa chingwe kanathyoka kalekale. Zovala zikalemera, mutuwo unkasolomoka pang'ono. Akaanula madzulo, unkabwerera m'malo mwake a Fyson asanafike.

"Pepani amama," anatero Marjorie manyazi atamugwira. "Tonse timayanika pomwepa. N'cholimba chomene, sichichitanso dzimbiri."

Anyina Wezi anafuna kukalipa, koma chinatuluka ndi chiseko mpaka misozi. A Fyson anali atapita ku Karonga, ndiye anadzikonzera okha: anamanga mutu wa chingwe ndi mphira, n'kulengeza pabwalo ponse kuti woyanikapo ngakhale sokosi ayambe kulongedza. A Solomon anamanga chingwe china cha zovala kumpanda.

Sabata ya mayeso mvula inawaza osapumira, zofunda m'zipinda zinayamba kununkha chuku. Ndiye tsiku lenileni la mayesolo dzuwa linatuluka ngati lachita kutumidwa. Bwalo lonse linadzaza mabeseni.

"Awiske Wezi, chingwe changa chili m'manja mwanu," anatero Anyina Wezi kwa amuna awo, akulowa m'kachipinda kaja.

"Lowani mukalimbane ndi aphunzitsi, kuno n'kwanga."

Mafunso anabwera olemera, ena obwereza, ena okola. Anayankha onse, ndipo palibe nkhope imene inauma. Pomaliza mayi wotsogolera mayesowo anamwetulira n'kunena kuti akhoza, ndipo akhoza bwino.

Anyina Wezi anatuluka panja. Chingwe chatsopano chija chinali chitadzaza mpaka kumapeto, mpanda wonse utavala zitenje. Pakati pa bwalo, pansi pa chingwe cha intaneti chopanda kanthu, panaima a Solomon, bambo amene chikwatirire sanachapepo ngakhale mpango. Anali atatambasula manja onse awiri, bulangeti lonyowa la Marjorie lili pamikono, madzi akutsikira m'nsapato. Anali atalilanda kwa mnzake wa Marjorie amene anaiwala lamulo, ndipo posowa poliika anangoima nalo mpaka mayeso kutha.

"Yayenda uli?" anafunsa a Solomon.

"Ndakhoza, Awiske Wezi. Digiri yalowa m'nyumba mwanu."

Bulangeti linagwera m'matope, ndipo mwini wake ndi amene anayambitsa nthungululu.