Nkhodolero ya m'mawu akuti ming'alu

Pulagini yanga inakana kumangika pa mitundu iwiri mwa mitundu itatu ya makompyuta chifukwa cha nkhodolero imodzi, kachizindikiro kaja timaika pambuyo pa g m'mawu akuti ming'alu.

Pulagini ndi kapulogalamu kowonjezera pa pulogalamu ina yaikulu. Yaikuluyo ndi yojambulira mabodi a zamagetsi, yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense amaloledwa kuwonjezapo chake. Ine ndinaphunzira zolemba mapulogalamu nditasiya ntchito ya nyuzipepala n'kubwerera kwathu ku Namadzi. Kunyuziko ndinali wokonza zolemba za atolankhani m'tsamba la Chinyanja, ndipo wondibweretsera pangono m'malo mwa pang'ono ankabwerera ndi pepala lake lofiira ndi inki.

Amene ankafuna pulaginiyo ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, omwe ali ndi kashopu kokonzera zamagetsi kuseri kwa msika. Amapanga okha timabodi ta nyale za sola. Amasindikiza chojambula papepala, n'kuchisita ndi simbi pa bodi ya mkuwa, kenaka n'kuviika bodiyo m'mankhwala. Mzere wodutsa magetsi ukakhala woonda umaduka posita, nyale siiyaka, bodi yatayika. Pulagini yanga inkafufuza mizere yoonda yotere n'kuikulitsa asanasindikize. Fayilo yake yaikulu ndinaitcha ming'alu, ndipo nkhodolero ndinaiika pamalo pake.

Pa kompyuta yanga, ya mtundu uja wodzaza m'maofesi, zonse zinayenda. Ya alamu ndi yakale, ya mtundu wina woyendera mapulogalamu aulere. Ndinawatumizira mafayilo, iwo n'kundiimbira foni.

"Alamu, chinthu chanu chija chakana."

"Mwadina molakwika."

"Ndadina pomwe munanena. Chalemba zofiira, ngati mmene munkachitira inu kunyuzi."

"Kompyuta yanuyo ndi yokalamba."

"Ndi yokalambadi, koma zina zonse ikudya. Chanu chokha ndiye ikulavula. Kapena munaphika chosapsa?"

Ndinaganiza zotumiza pulaginiyo kwa osamalira pulogalamu yaikulu ija. Iwo ali ndi makina omwe amatenga zomwe munthu walemba n'kuzimanga pa mitundu yonse itatu: wanga, wa alamu, ndi wina wodula womwe sindinaugwirepo. Zikamangika konse, munthu amangotsitsa pulagini yomangamanga n'kuyamba ntchito. Zotsatira zinabwera: kobiriwira kamodzi, kofiira kawiri.

Mmodzi mwa osamalirawo, mayi yemwe sindimudziwa nkhope ngakhale dziko lake, anandilembera m'Chingerezi pabwalo la pa intaneti lomwe aliyense amawerenga. Anati malangizo awo omangira amakuta dzina la fayilo ndi tizizindikiro tiwiri tofanana ndendende ndi nkhodolero, kena kutsogolo, kena kumapeto. Makina a mitundu iwiri ija akafika pa nkhodolero yanga ankayesa dzina latha: ankawerenga ming, n'kusochera pa alu. Mtundu wa kompyuta yanga umakuta maina mwanjira ina, n'chifukwa chake sunadandaule. Pomaliza anafunsa ngati kachizindikiroko kanalowa mwangozi.

Ndinaona ngati dziko lonse laima pakhomo kuonerera munthu wa ku Chiradzulu atabwera ndi matope pamalo pokolopa. Sindinafotokoze kuti ng' ndi liwu lapalokha. Ndinafufuta dzinalo, n'kuika la Chingerezi, n'kusintha maina ena onse a Chinyanja ngakhale omwe analibe vuto. Ndinalemba mawu opepesa, ndipo m'mawuwo ndinati chilankhulo chathu chili ndi kalembedwe kovuta.

Yankho lake linali lalifupi. Anati anakafufuza, ndipo wapeza kuti chizindikirocho ndi mbali ya kalembedwe kolondola. Cholakwika chili m'malangizo awo, omwe amayenera kulandira dzina lililonse. Akonza, ndipo ine ndibwezere maina anga.

Ndinawerenga kawiri. Atolankhani aja ndinkawabweza chifukwa cha nkhodolero yomweyi, ena akuthamangira nthawi yosindikiza, ndipo ndinkawauza kuti ng'oma yopanda nkhodolero ndi ngoma, nyama ya m'tchire. Ine nkhodoleroyo ndinaitaya pa funso limodzi laulemu, ndipo woitola anali mlendo.

Ndinapita kukashopu kukawauza alamu. Anali akusita bodi, osadzutsa mutu.

"Ndiye munapepesa?"

"Ndinapepesa."

"Chifukwa cha kamchira?"

"Dzina lake ndi nkhodolero."

"Ee, ndikudziwa, aphunzitsi. Kale lija munabweza khadi la ukwati wathu kosindikiza chifukwa cha kamchira komweko. Achemwali anu amakumbukabe." Anaika simbi pambali n'kusenda pepala. Mzere umodzi unali utaduka pakati. Anandionetsa bodiyo n'kuiponya m'katoni momwe munali zinzake.

Maina ndawabwezera onse, kuyambira ming'alu. Mawu opepesa aja sangafufutike. Ali pabwalopo, pansi pake pali yankho la mayiyo. Zomwe wakonza zikudikira mnzake wina kuti aziunike, ndipo akavomereza makina adzamanganso pa mitundu yonse itatu. Kukabiriwira konse, alamu abweretsa kompyuta yawo kunyumba, titsitse pulaginiyo, tiyese pa bodi ya nyale yomwe mayi wina wa ku Milepa akuidikira.