Ndinamuuza Adikire Dzuwa

Ine ndinakulira ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri, ndiye pa nkhani za mapiri ndinkadziyesa katakwe. Ku Indiana kuno ngakhale chulu chenicheni munthu sungachione, koma ukatakwe wangawo sindinautaye.

Chaka china mu Malichi, mlongo wanga wamng'ono, amene ankaphunzira ku South Bend, anabwera kwathu ku Speedway kudzabwereka jekete la amuna anga. Sukulu anali atatsekera, ndipo iye ndi anzake atatu ankapita ku Colorado kukakwera phiri la sinowo. Sindinakondwe nazo. Amayi pomuperekeza ku Chileka anali atamusiya m'manja mwanga, ndipo mwanayo chibayo sichinkachedwa kumugwira. Mdani amene ndinkamuopa ine kunali kuzizira basi.

"Ndachekinga kale, achemwali, kumeneko sabata yonse kukhala kotentha," anatero iye.

Mtima wanga unakhala m'malo. "Ndiye undimvere. Usakalawirire ngati ukupita kudimba. Ukadikire dzuwa likwere, uyambe ulendo cha m'ma leveni kutafunda bwino."

Anavomera, koma ndinamulonjezetsa kachiwiri ali kale m'galimoto.

Tsiku lokwera phirilo ine ndinali pantchito yanga ya unesi, pachipatala china pakatikati pa Indianapolis. Tikudya masana ndinafotokozera mnzanga wina nkhaniyi, mzimayi wachizungu wobadwira kumapiri komweko. Ndinkadzitama ndithu. Iye anasiya kutafuna, n'kundifunsa kuti ndibwereze nthawi imene ndinatchulayo.

Kenaka anandilongosolera modekha. Nyengo ikayamba kufunda, sinowo wa m'phiri amauma usiku n'kugwirana, koma dzuwa likamuwomba amanyowa, amalemera, ndipo amatha kugumuka mbali yonse ya phiri n'kukwirira aliyense amene ali m'njira. Odziwa amanyamuka kusanache, masana amawapeza atatsika kale. Napolo ndinkamudziwa bwino, koma wakwathu amabwera ndi mvula. Zoti alipo wina wobwera ndi dzuwa ndinali ndisanamvepo.

Ndinayang'ana wotchi yapakhoma. Inali wani koloko, kutanthauza kuti ku Colorado inali leveni, nthawi yeniyeni imene ndinamusankhira mwana wa amayi anga.

Ndinamuimbira, foni sinkalowa. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinabwerera kuwodi. Agogo ena ndinawayeza kuthamanga kwa magazi kawiri mosazindikira, mpaka anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinali ndi mantha, komanso manyazi. M'mutu ndinkangokonza mawu okauza amayi, ndipo paliponse pomwe ndinkayambira, mapeto ake ankakhala akuti ndinamutuma ndine.

Foni inalira cha m'ma fili. Ndinathamangira m'kachipinda kosungira nsalu zoyala.

"Achemwali, ndapeza mamisidi kolo ambirimbiri, kwagwanji?"

"Uli kuti?"

"Tili m'tauni, tikudya. Dera lonse la kuphiri kuja netiweki kulibe." Kenaka anayamba kulankhula ngati mwana woti waswa mbale. "Pepani, zimene munandiuza zija sizinatheke. Mnzathu amene amatitsogolera anatidzutsa kusanache, tinakwera ndi matochi, pofika teni tinali titatsika. Koma ndinavala masweta awiri, musadandaule."

Ndinakhala pansi, pasimenti pomwepo, yunifomu yanga yoyera ndi yonse. Ndinkaseka uku misozi ikutsika, mawu osatuluka. Iye anaganiza kuti ndakwiya, ndiye anapitiriza kudziteteza.

"Ndinayesetsa kuwakonvinsa, zoona. Tinakangana mpaka wina ananyanyala. Ndinawauza kuti achemwali anga ndi nesi, komanso anakulira kuphiri, amadziwa. Anakanitsitsa."

Apa kuseka kunandithera. Mwanayu anali atamenyera nkhondo mawu anga, ndipo anangotsala pang'ono kupambana.

"Anzakowo alipo pomwepo?"

"Eya, onse atatu."

"Uwathokoze mmodzimmodzi. Ndipo wokudzutsani uja, mukamabwerera mudzere naye kunyumba kuno, ndikufuna ndimuone nkhope."