Nyimbo ya ababa m'laputopu yokhoma

Laputopu ija inandikanira Lolemba m'mawa, sabata yomwe tinkayembekezera kuvundukula chiliza cha ababa. Ndinaitsegula pa tebulo la aphunzitsi kuti ndilembe mayeso a ana anga a Folomu 2, ndipo m'malo mwa chithunzi cha masiku onse inandipatsa sikirini yabuluu yokhayokha. Panalembedwa Chingerezi chaulemu wake, chonena kuti ikufuna kiyi yotsegulira, mzere wautali wa manambala, apo ayi sindilowa. Ndinalemba pasiwedi yanga, inakana. Ndinalemba nambala ya foni, chaka chobadwa, ngakhale nambala yomatidwa kunsi kwake. Ayi ndithu. Ndinazimitsa, kuyatsa, kuzula chaja, kuyatsanso, mpaka mphunzitsi mnzanga anandifunsa ngati ndikufuna kuiboola batanilo.

Chinayambitsa zonsezi ndi apudeti. Kwa miyezi ndithu laputopuyo inkanditopetsa ndi kauthenga koti pali zatsopano zofunika kuikamo, ine n'kumadina pokana, poti bandulo yanga si yodyetsera makina. Ndiye Lachisanu la sabata ya m'mbuyo mwake anatiitanira ku boma, ku msonkhano wa aphunzitsi, kumene kunali intaneti yaulere. Ine ndili kalikiliki kumvetsera, iyo inali mwakachetechete kudzikokera zinthu zake. Pozimitsa inandilamula kuti ndisaichotse ku magetsi chifukwa ikukonza zina ndi zina. Ndinakhala pamenepo ngati chitsiru, anzanga onse n'kupita kukakwera minibasi. Itamaliza inazima bwinobwino, ine n'kuiika m'chikwama. Mpaka lero chimene chimandipweteka n'chakuti sindinatume munthu kuti andikonzere chinthu chomwe sichinawonongeke.

Mayesowo sanali nkhani, ndikanatha kuwalemba pa bolodi. Nkhani inali yakuti m'laputopumo munali ababa.

Ababa anali munthu wa ngoma, gule wathu wa Chingoni. Anatha zaka zambiri ku migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi chifuwa chosatha, jekete lalikulu laubweya, ndi Chingoni chimene anakachinola pocheza ndi eni dziko kumeneko. Kwathu kuno, kumtunda kwa Lizulu, Chingoni chinatsala cha pamwambo basi. Timayimba mawu osadziwa tanthauzo lake, aliyense n'kumakhotetsa mmene lilime lake lafunira. Koma mtundu wathu uli ndi nyimbo yake imene amuna amavina ndi zishango potsanzikana ndi munthu wamkulu, ndipo ababa okha ndi amene ankaitsogolera kuchokera poyamba mpaka pothera. Ena onse ankangovomera. Chaka chimene anayamba kufooka, ndinawakhazika pakhonde masana ena n'kuwajambula pa foni akuyimba yonse, akuimaima kuti atsokomole, kenako akumasulira mzere uliwonse m'Chichewa. Anandiseka kuti ndikufuna kuwasunga m'botolo ngati mbewu ya nyemba. Foniyo inadzabedwa pa msika wa Lizulu, koma sindinadandaule kwenikweni, poti vidiyoyo ndinali nditaisamutsira kale m'laputopu. Musandifunse chifukwa chimene sindinaisungirenso pa fulashi. Aliyense amene ndamufotokozera nkhaniyi amandifunsa za fulashi, ngati kuti ineyo sindinadzifunse.

Pa maliro awo amuna anaiyamba nyimboyo n'kuthera panjira. Anthu anati ndi chisoni, koma ife tinadziwa kuti ndi mawu amene anasowa. N'chifukwa chake ababa aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anakonza zoti Lachinayi amuna adzasonkhane kwathu, ine ndidzawaonetse vidiyo, aphunzire, kuti Loweruka pa chiliza akawabwezere ulemu umene unaperewera pa maliro. Uthenga unali utapita kale mpaka kwa abale a ku Kandeu ndi ku Mlangeni. Chimera cha thobwa chinali chitagayitsidwa, zishango zitatsitsidwa kudenga n'kukutumulidwa fumbi.

Nditaweruka tsiku limenelo ndinayamba kufufuza pa foni. Kwathu netiweki ndi yamwayi. Ukaima kumaso kwa nyumba umagwira ya kuno, ukazungulira kuseri foni imakulonjera m'Chipwitikizi n'kuyamba kukudyera mayunitsi a ku Mozambiki. Malo odalirika ndi pachulu cha m'munda wa kachewere. Ndinaima pamenepo, mphepo ikundimenya, laputopu ili padzanja limodzi, foni padzanja lina, ndikuwerenga malangizo a anthu a kutali amene zinawaonekera ngati zanga. Wina anati dinani batani lakuti poyatsa, musankhe kuchotsa apudeti yomaliza. Ndinadina, tsamba linatsegukadi, mtima unakhala pansi pang'ono. Nditasankha kuchotsako, inafunsanso kiyi yomweyo. Wina anati bwezerani makinawo mmene analili sabata yatha. Inafunsa kiyi. Wina anati lowani m'kati mwenimweni, muzimitse chakuti, muyatsenso. Ndinalowa, ndinazimitsa, ndinayatsa, ndipo buluu uja anabweranso osasintha ngakhale chilembo chimodzi.

Malangizo onse ankathera pamodzi: tsegulani akaunti ya munthu amene anayamba kugwiritsa ntchito kompyutayo, kiyi ili mmenemo. Kwa iwo n'zophweka, poti amagula zinthu zili m'katoni. Yanga inachokera ku Joni. Achimwene anga, amene anatsatira njira ya ababa ndipo amagwira ntchito pa famu kumeneko, anaigula yogwiritsidwa kale ntchito, n'kuitumiza pa thiraki itakulungidwa m'bulangeti pamodzi ndi mafuta ophikira. Inafika yotsegula kale, ine ndinangoikapo pasiwedi yanga. Kuti inali ndi mwini wake woyamba amene anaiika loko, sindinkadziwa, ndipo achimwene nawonso sankadziwa.

Ndinawaimbira ndili pachulu pomwepo. Anati anaigula kwa bambo wina wa kashopu ka mafoni m'tauni, ndipo apempha mpata kwa bwana apiteko. Mawa lake masana anandiimbira kuti pakashopu paja pano akumetapo tsitsi, bamboyo anasamuka kalekale, ndipo palibe akudziwa kumene analowera. Kenako anati ndisadandaule, adzanditumizira ina pa Khirisimasi, yabwino kuposa imeneyo. Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati inayo idzabwere ndi ababa m'kati. Pa foni pankamveka mathirakitala chapatali. Iwo maliro sanabwere, mapepala awo sanali bwino, ndipo vidiyoyo sanaionepo chifukwa inali yaikulu, inkakana kupita pa netiweki yathuyi. Ankadikira kudzaionera kuno. Tinatsanzikana mozizira, aliyense ali ndi chake mumtima.

Lachitatu ndinapempha kwa ahedi, ndinakwera minibasi kupita ku boma. Ndinafikira kwa bambo wina wa imvi amene amakonza makompyuta kuseri kwa msika, m'kachipinda kodzaza ndi mawaya ndi makina akufa. Sanandifunse zambiri. Anati sabata imeneyo ine sindinali woyamba, apudeti imeneyo yasautsa anthu. Anabwereza zonse zimene ndinachita pachulu paja, ine n'kumamuuza kuti zimenezo ndayesa kale, iye n'kumangogwedeza mutu osandimvera. Kenako anamasula laputopuyo, anatulutsa hadi disiki, kachinthu kakang'ono kosungira zonse, n'kuilumikiza ku kompyuta yake. Inaoneka. Ndinanyamuka pabenchi pomwe ndinakhala. Anandilozera kuti ndione, pambali pake panali kachithunzi ka loko.

Anandifotokozera modekha kuti loko ameneyo analipo kuyambira kale, kungoti ankadzitsegukira yekha poyatsa, ine osadziwa. Apudetiyo inasintha zina m'kati, ndiye makinawo anasiya kudzizindikira okha, monga amachitira galu kuuwa mbuye wake chifukwa wavala chipewa chachilendo.

"Zinthu zanu zilimo zonse, madamu," anatero. "Palibe chafufutika. Koma popanda kiyi ya mwini woyambayo, ine sindingakunamizeni."

Anati chimene angathe ndi kuifomata, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikamo zatsopano, ndipo pofika madzulo ikhala ikuthamanga ngati yogula lero. Ndinamufunsa ngati ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuli akatswiri oposa iye. Sanakhumudwe. Anati aliko, koma loko wake ndi yemweyo, ndingotaya nthawi panjira. Ndinakhalanso pabenchi paja. Ndinali nditatopa, kutopa koti ngakhale kulira kumafuna mphamvu. Ndinamuuza kuti angobwezera zonse mmene zinalili, ndikaganize kunyumba.

Lachinayi amuna anabwera monga anapanganira, ena atanyamula timipando tawo, n'kukhala pansi pa mtengo wa pichesi kudikira kanema. Ndinagwada pafupi ndi ababa aang'ono n'kuwauza. Poyamba sanamvetse. Anafunsa ngati ndi batire, anati atume munthu akabwereke jenereta ku tchalitchi. Ndinawayatsira kuti adzionere okha. Anayang'ana buluu uja, anayang'ana ine, n'kufunsa kuti kodi chinthu ndi changa kapena si changa. Ndinati ndi changa. Anafunsa kuti nanga chinthu chako chimakukaniza bwanji kulowa. Ndinangoitseka laputopuyo.

Anayesa kuilumikiza nyimboyo okha. Chiyambi ankachidziwa onse. Pambuyo pake wina ankati pamabwera mawu akuti, wina n'kutsutsa kuti amenewo ndi a nyimbo ya ukwati. Anatembenukira kwa ine poti ndine ndinajambula. Ine ndinkakumbukira zimene ababa anamasulira, kuti pena pamanena za ng'ombe zobwerera kukhola popanda mbusa, pena za chishango chotsamira pakhomo. Koma mawu ake a Chingoni sindinawasunge m'mutu, ndinkadalira kuti ali m'laputopu. Iwo anali ndi kamvekedwe, ine ndinali ndi tanthauzo, koma sizinkalumikizana. Dzuwa likupendeka anabalalika, aliyense atanyamula kampando kake.

Loweruka chiliza chinavundukulidwa. Abusa anapemphera, amayi a chigwirizano anayimba, kenako amuna analowa m'bwalo ndi zishango. Anayimba chiyambi chija, atafika pamene mawu amathera anabwereranso poyamba, n'kubwereranso, akuponda pansi mwamphamvu kuti fumbi ndi mdidi zikwirire posowapo. Alendo a ku Kandeu analuluta, ena anati ngoma yakoma kwambiri. Ababa aang'ono anatuluka m'bwalo thukuta lili kamukamu, anadutsa pafupi nane osandiyang'ana. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Sabata yonseyo amayi sananenepo kanthu za laputopu. Anali ndi za alendo, za nkhuni, za mabulangeti ogonera. Lamulungu masana, anthu atapita, ndinawapeza kuseri akutsuka miphika yobwereka. Ndinakhala pambali pawo n'kuyamba kutsukuluza. Ndinawauza kuti ndaganiza zopita ku boma kuti bambo uja akaifomate. Mwambo wadutsa, ahedi akufuna mayeso otayipa, ndipo ine ndatopa kuyang'ana chinthu chimene sichindiyankha. Ndinafotokoza zonse, za loko, za mwini woyamba, za kashopu kamene kanasanduka kometera. Anamvetsera akupala mwaye pamphika.

"Kodi afufutika, kapena angotsekeredwa?" anafunsa.

"Angotsekeredwa, amayi."

"Ndiye alimo."

"Alimo, koma kiyi palibe. Mwina sidzapezeka n'komwe."

Anaika mphika pansi n'kupukuta manja pa chitenje. Anati ababa ali ku migodi panali nthawi imene anatha zaka osatumiza kalata, osatumiza uthenga, ngakhale wobwera kuchokera kumeneko wonena kuti wawaona. Anthu ankawauza kuti munthu ameneyo ndi mtchona, angovomera wina awakwatire. Alongo awo enieni a amayiwo anabwera kudzanena kuti khasu ndi mpando wa ababa zichotsedwe m'nyumba. Nkhani imeneyi ndinkaidziwa mwapatalipatali, koma iwo anali asanandiuzepo ndi pakamwa pawo.

"Nthawi imeneyo sindinkadziwa ngati ali moyo," anatero. "Pano ukundiuza wekha kuti alimo. Usafufute."

Ndinafuna kutsutsa, kunena kuti makina si munthu, sabwerera okha. M'malo mwake ndinapitiriza kutsukuluza miphika. Amayi analowa m'nyumba, anatulutsa jekete laubweya lija, n'kukulungamo laputopu pamodzi ndi chaja chake, ndipo anaiika mu sutikesi yachitsulo imene ababa anabwera nayo kuchokera ku Joni.

Mayeso ndinalemba pa bolodi ndi choko, dzanja mpaka kuuma. Temu yotsatira ndinayamba kubwereka kompyuta ya mnzanga, ndipo yomwe achimwene analonjeza sinafikebe. Nthawi zina ndimakwera pachulu paja kufufuza ngati kwatuluka njira yatsopano, ndipo ndimapeza malangizo omwewo, olembedwa ndi anthu ena. Bambo wa ku boma uja anandichenjeza kuti batire ikakhalitsa osagwira ntchito imafa, choncho pakapita nthawi amayi amandikumbutsa okha kuti ndiitulutse. Ndimapita nayo kusukulu kukaitchaja, pobwera ndimaiyatsa pakhonde pomwe ababa anakhala poyimba paja. Buluu uja amabwera ndi Chingerezi chake chaulemu. Amayi amaima pakhomo, manja ali kumbuyo.

"Ayankha?"

"Ayi, amayi."

"Bwezera m'jeketemo, kukuzizira. Tidzayesanso."