Makoko a Mfuti ya Ababa

Fungo la mkuwa wonyowa silinandichokebe m'mphuno. Ndi fungo la khonde lathu ku Liwaladzi, dzinja lomwe ndinali mu Sitandade 4, mpunga utayamba kutulutsa ngala, mvuu zikutuluka m'madzi kudzaudya.

Ababa anagwirapo ntchito yolondera nyama kunkhalango, ndipo atapuma anali okhawo m'dera lathu okhala ndi mfuti ya chilolezo. Mvuu ikavuta, anthu ankathamangira kwathu. Zipolopolo zatsopano zinkasowa, choncho makoko a zomwe awombera sankataya, ankawathiranso onga. Koma asanatero, khoko lililonse ankaliyeza ndi madzi. Ankatenga jakisoni wopanda singano n'kumadontheza madzi m'khokomo mpaka afike pakamwa, kenako n'kusuzumira mizere ya pajakisonipo, diso limodzi atatsinzina. Ankati makoko amafanana kunja kokha. Lina limakhala ndi mimba yaing'ono, ndipo loterolo likalandira onga wofanana ndi anzake limatha kukuphulikira kumaso. Amenewo ankawaponya m'chitini cha mkaka, n'kumveka ngwee!

Ntchito yanga inali kuyanika omwe apambana mayesowo. Ndinkawandandalika palichero, kukamwa kuloza pansi, n'kumawatembenuza dzuwa likamasuntha. Ndinkainyadira ntchitoyi, chifukwa achimwene anga sankaloledwa ngakhale kuwakhudza. "Mutu wa Asiya ndi wokhazikika," ankatero Ababa pamaso pa alendo, ine n'kumaluma chala ndi manyazi.

Lachisanu lina anayeza makoko asanu, n'kundisiyira, iwo ulendo wa kumzikiti. Anzanga anandiitana kokasewera fulaye kuseri kwa nkhokwe. Ndinati ndingoponya kamodzi. Mmene ndinkadzidzimuka n'kuti mvula ikulira pamalata, lichero litadzaza madzi. Ndinawatola makoko aja, ndinawakutumula, ndinawapukuta kunja ndi nsonga ya chitenje mpaka anawala, n'kuwaika m'kathumba kawo. Mkati sindinafikemo, chala changa sichinkalowa.

"Auma, Asiya?" anandifunsa atabwera, akukung'untha kofiya yawo.

"Auma, Ababa."

Mawu awiri okhawo basi. Ndinaopa kuti andichotsa ntchito n'kuipereka kwa achimwene.

Patapita masiku awiri, m'mawa dzuwa litatuluka kale, kunabwera azibambo atatu ali wefuwefu, matope mpaka m'maondo. Mvuu yokhala ndi mwana inali itakana kubwerera kumadzi, ndipo inali itathamangitsa mayi wina m'munda mwake. Ababa anatenga mfuti ndi zipolopolo za makoko aja n'kuwatsatira. Ife tinaima pabwalo, amayi atagwira chipande m'manja, kudikira kulira kwa mfuti monga tinazolowera. Tinadikira. Nkhuku zinkapalasa, madontho ankagwa kuchokera mumtengo wa mango. Mfuti sinalire. Tinangomva anthu akukuwa kudambo.

Mvuu ija inali itawaluma mwendo Ababa. Anawanyamula pachitseko mpaka kumsewu, galimoto ya nsomba n'kuwatengera kuchipatala cha kuboma. Anabwerako patatha mwezi ndi theka, mwendo wakumanzere utathera pabondo. Anthu ankati mfutiyo munthu wina anaimanga ndi mankhwala, ndipo ena anafika potchula maina a anthu osalakwa. Ine ndinkamva zonsezo nditakhala pakhomo. Ndinasiya kudya. Amayi anandimwetsa mankhwala a malungo kawiri konse. Ndinkati ndikamva ndodo za Ababa zikugogoda pasimenti, ndinkathawira kuchimbudzi n'kukhala kumeneko mpaka phokosolo lithe. Mpunga wa chaka chimenecho unakololedwa, makoko anachita dzimbiri lobiriwira m'chitini muja, ndipo mfuti anaibweza kuboma.

Ndinaulula nditakula, nditabwera kuchokera ku koleji ndi satifiketi yanga, ndili ndi pathupi pa mwana wanga Yusufu. Mwina ndi mimbayo inandipatsa mantha oti ndingabereke ndili ndi chinthu chotere pamtima. Ndinawapeza Ababa akusoka ukonde wa eni ake, poti ndiyo inali ntchito yawo tsopano. Ndinagwada n'kunena zonse: fulaye, mvula, chitenje. Iwo sanasiye kusoka.

"Iwe, zaka zonsezi wasenza zimenezo?" anatero. "Chinyontho ndinachiona ndekha pachala pothira onga. Ndinati aaa, n'chochepa ichi. Wamkulu anali ndani pamenepo, iwe kapena ine? Dzuka, ungapweteke mdzukulu wanga."

Anamwalira chaka chotsatira, Yusufu asanayambe kuyenda.

Ndili mwana ndinkadziwa chinthu chimodzi, kuti mwendo wa Ababa ndinadula ndine. Nditamva mawu awo aja ndinapepukidwa kwa miyezi ingapo. Koma pano ndili ndi wanga, amene ndimamuyang'anitsitsa mpaka amuna anga amandiseka, ndipo mtima wayambanso kundifunsa. Ababa sanali munthu woona chinyontho n'kupitiriza. Munthu amene ankataya khoko chifukwa cha dontho limodzi losiyana, akanathira onga ponyowa? Sindikhulupirira. Ndikuganiza kuti pachala pawo panalibe kanthu, ndipo anayankha msanga chonchija chifukwa yankholo anali atalikonza kalekale, akungodikira tsiku lomwe ndidzabwere. Yusufu atadzandigwadira ndi nkhani ngati imeneyi, inenso ndidzamuuza kuti ndinaona ndekha.